Mapazi a Amayi Pakhomo la Gowelo

Ndikukumbukira gowelo langa la ku Canongola kuposa nyumba ina iliyonse imene ndagonamo. Linali kuseri kwa nyumba yathu, moyandikana ndi khola la mbuzi, lomangidwa ndi njerwa zotsala ndiponso malata akale amene bambo anatola kwinakwake pa maulendo awo. Chitseko linalibe. Pakhomo pankalendewera saka ya makala yong'ambidwa pakati, ndipo popeza sakayo inali yaifupi, pansi pankatsala mpata woti munthu uli chigonere pamphasa unkaona mapazi a aliyense wodutsa panja. Amene anakhalapo mu Tete m'chilimwe akudziwa kuti malata otere masana amalira okha, ndipo mkati mwake ngakhale buluzi sakhalitsamo. Koma ine ndinkalinyadira gowelolo ngati nyumba yosanja, chifukwa linali umboni woti ndakula.

Ndinabadwira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera makolo anga sanabwerere kwawo ku Angoniya. Bambo anapeza ntchito yoyendetsa kamyau yonyamula katundu kupita ku Beira, choncho tinakhazikika mumzinda wa Tete. Kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya ndi kudzatidzudzula, kenako n'kunyamukanso. Amene ankasunga pakhomo anali amayi, ndi kabenchi kawo ka masau, malambe ndi nsomba zouma kumaso kwa nyumba, mothandizidwa ndi mlongo wanga wamng'ono Rozita. Pakhomo tinkalankhula Chinyanja, mumsewu Chinyungwe, kusukulu Chipwitikizi. Zilankhulo zitatu zonsezo ndinkazidziwa, koma tsiku limene ndinafunika kunena chinthu chimodzi chokha, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinandithandiza.

Gowelolo linabwera ndi malamulo ake, ndipo amene anawabweretsa anali amalume a Fabiyau, mchimwene wa amayi, mlimi wa mbatata ya kachewere kumapiri a Angoniya. Nditayamba kumera tsitsi m'khwapa ndi kulankhula ndi mawu a besi, amayi anawatumizira uthenga, pakuti kwathu mnyamata salangidwa ndi bambo ake kapena mayi ake. Imeneyo ndi ntchito ya malume. Anabwera atavala jekete lawo la kumapiri, thukuta lili kamukamu, n'kundikhazika pansi m'gowelo muja.

“Kuyambira lero kuchipinda kwa mayi ako sulowako, iwonso muno salowamo,” anatero. “Kabudula wako uzichapa wekha, uziyanika kuseri. Ndipo chilichonse cha kumunsi kwa lamba, chikhale chokoma, chikhale chowawa, mayi ako asachimve kuchokera pakamwa pako. Kumeneko n'kuwavula. Uziuza ine.”

Ndinavomera ndi mtima wonse. Sindinaganize zofunsa kuti ndizidzawauza bwanji anthu okhala ulendo wa tsiku lathunthu, kumudzi kumene chapa, minibasi ya kwathu kuno, imakusiya pamsewu iwe n'kumalizitsa wapansi.

Tsiku lomwelo ndinawauza chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndichilemba mosazungulira, pakuti kuzungulira n'kumene kunandifikitsa pamene ndili. Anyamata anzanga anali ndi machende awiri. Ine ndinali ndi limodzi, la kumanzere, ndipo kumanja thumba linali lopanda kanthu chibadwire. N'chifukwa chake tikapita kukasamba ku Zambezi, anzanga akuvula zonse n'kudumphira m'madzi ali psata, ine ndinkasamba ndi kabudula, mpaka anandipatsa dzina loti Padiri, kutanthauza wansembe. Amalume atamva anaseka mpaka kutsokomola.

“Mfuti ya mpope umodzi nayo imagwetsa gwape, mphwanga,” anatero akupukuta misozi. “Linalo lidzatsika lokha ukadzakwatira. Ungosamala limodzilo, ana ako onse ali m'menemo.”

Mawu omalizawo ndinawasunga. Ndinasiya kukhala goloboyi pa mpira wathu wa zikulunga, ndipo podumpha mpanda ndinkayamba ndayang'ana kawiri. Ndinali mnyamata wa kalasi yachisanu ndi chitatu, wosadziwa ngakhale kulankhula ndi mtsikana, koma usiku ndi usana ndinali mlonda wa ana anga.

Zinachitika Loweruka lina m'mawa, dzuwa litangoyamba kuluma. Ndinkachokera kumpope ndi zigubu ziwiri pa njinga ya bambo. Sindinagwe, palibenso chinandigunda. Ndinangotsika njinga pakhomo, ndipo ululu unandigwira kumunsi ngati wina wandikantha chibakera n'kuchisiya pomwepo osachichotsa. Unakwera mpaka m'mimba. Ndinasanza pafupi ndi khola, mbuzi zikundiyang'ana, kenako ndinayamba ulendo wa ku gowelo ndikuyenda chotang'adza, dzanja limodzi pakhoma. Amayi anali pamkeka akusankha masau m'lichero. Manja awo anaima.

“Tino, watani?”

“M'mimba, amayi.”

Silinali bodza lenileni, pakuti m'mimbamo munkapotadi. Ndinalowa, ndinagwetsa saka ija kumbuyo kwanga, n'kudzipinda pamphasa.

Kuchokera pamenepo, zambiri zimene ndikukumbukira ndi mapazi a amayi. Anali mapazi a munthu amene anayenda wapansi kuthawa nkhondo, zidendene zong'ambikang'ambika, ndipo chala chaching'ono cha kumanzere chinalibe chikhadabo. Ankavala patapata wobiriwira womangidwa ndi waya. Mapaziwo anabwera n'kuima kunja kwa saka, ndipo pansi pake panalowa kapu ya madzi a masamba a gwafa. Anachoka. Anabweranso ndi madzi a mchere ndi shuga. Ulendo wachitatu anabwera opanda kanthu, ndipo anaima nthawi yaitali, zala zikukanda dothi.

“Ndi m'mimba mwenimweni, mwanangu?” anafunsa motsitsa mawu. “Kapena ndi kwina?”

Ndinaluma mkono kuti ndisabuule. Ndinkafuna kuti alowe. Ndikunena zoona, ndinkafunitsitsa kuti amayi anga alowe, andigwire pamutu monga ankachitira ndikadwala malungo. Koma ndinali nditalangidwa, ndipo mnyamata wolangidwa savula mayi ake.

“M'mimba, amayi.”

Saka ija inagwedezeka pang'ono. Ndinaganiza kuti ndi mphepo, ngakhale kuti tsiku limenelo kunalibe mphepo. Kenako mapazi anatembenuka, ndipo ndinawamva akuuza Rozita kuti ayang'anire benchi. Anapita kumene zimaima chapa za ku Angoniya kukapereka uthenga kwa kondakitala wina wa kumudzi kwathu, woti amalume abwere msanga, mwana sali bwino. Masiku amenewo mafoni a m'manja anali a mabwana okha, ndipo kumudzi kwa amalume anali asanafikeko n'komwe. Bambo anali pamsewu wa ku Beira, sitinkadziwa kuti afika pati.

Amayi anayesanso njira ina. Madzulo ake anakaitana a Dumingu, telala wa Chinyungwe woyandikana nafe, kuti mwina kwa mwamuna mnzanga ndimasuka. A Dumingu anasuzumira, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kundifunsa kuti n'chiyani. Koma iwo sanali amalume anga. Komanso pakhonde pawo pankakhala anthu tsiku lonse, ndipo nkhani ikafika pamakina awo osokera inkatuluka itakula kuposa mmene inalowera. Ndinaona kale Canongola yense akudziwa chifukwa chake Padiri amasamba ndi kabudula. Ndinawauza kuti ndi m'mimba. Anandilangiza chakumwa cha m'botolo chothira mchere, akuti ndi chimene chinachiritsa mlamu wawo, n'kubwerera kumakina awo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Langa linalibe n'chitseko chomwe, koma ndinalephera kukankha saka.

M'mawa mwake kunachitika chinthu chimene chinatisangalatsa tonse. Ululu unachepa. Thumba linali litatupa, lolimba, khungu litada ndiponso likunyezimira, koma moto uja unali utazirala. Ndinadya phala limene linalowa pansi pa saka, n'kubweza mbale ili mbee. Ndinamva amayi akusesa pabwalo uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo anauza a Dumingu pampanda kuti mankhwala awo agwira ntchito. Inenso ndinathokoza Mulungu. Panalibe wotiuza kuti chiwalo chikasiya kupweteka mwadzidzidzi chotero, nthawi zina n'chifukwa choti chafa.

Amalume anafika tsiku linzakelo masana, thumba la mbatata lili pamutu. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo atamva pakhomo kuti wodwala wayamba kudya, mtima wawo unakhala pansi. Ndinamva zonse ndili m'gowelo. Anachita malonje mwadongosolo lake, za mvula, za maliro a kumudzi, za ng'ombe imene inathyoka mwendo. Anasamba. Anadya nsomba ya pende imene amayi anawagulira, n'kuiyamikira. Pambuyo pake m'pamene nsapato zawo zafumbi zinaonekera pansi pa saka.

“Nanga mwini mfuti ali bwanji?” anatero akulowa, kumaso kuli mwee.

Ndinawaonetsa. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono.

“Vala,” anatero. Atatuluka anangoti, “Mlongo, njinga ili kuti?”

Anandikhazika pakaliyala chammbali ngati mkwatibwi, iwo akukankha njinga wapansi, pakuti bampu iliyonse inkandiliza. Amayi ankatsatira kumbuyo patali ndithu, atanyamula chitenje ndi botolo la madzi. Tinadutsa pamsika, pafungo la makala ndi nyama ya mbuzi yootcha, anthu akutipatsa njira. Kenako tinafika kuchipatala.

Dotolo amene anandiona anali wamtali, wotopa m'maso. Anandigwira mofatsa, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Amalume atayankha, anatseka maso kanthawi. Kenako anafotokoza mu Chipwitikizi, akuyang'ana amalume, pakuti ndiwo anali wamkulu. Anati tchende limalendewera pa kachingwe kamene kamalipatsa magazi, ndipo mwa anyamata a msinkhu wanga kachingweko nthawi zina kamapotana kokha, monga chingwe cha mbuzi imene yazungulira chikhomo mpaka kudzikola. Tikanafika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, anatero, akanangokamasula n'kulisokerera kuti lisadzapotanenso. Tsopano linali litafa, ndipo linayenera kuchotsedwa. Anafunsanso kuti linalo lili kuti, ndipo n'chifukwa chiyani mwanayu sanabwere naye ali wamng'ono.

Chipwitikizi cha amalume chinali cha pamsika, chogulitsira mbatata. Ankangogwedeza mutu n'kumati, “Sim, dotolo,” chipewa chili m'manja. Ine wa kusukulu ndinamva liwu lililonse, koma panalibe amene ankalankhula ndi ine. Dotolo atatuluka, amalume anandisisita paphewa n'kundiuza kuti akuti zonse zikhala bwino. Ndinayang'ana kudenga. Ndinkangoganiza za mawu awo aja, oti ana anga onse ali m'menemo.

Anandichita opaleshoni madzulo omwewo. Pambuyo pake anafufuza linalo n'kulipeza litabisala m'mphechepeche, mmene linakhala zaka zonsezo, laling'ono ngati sau louma. Analitsitsa n'kulisokerera m'malo mwake. Amayi ankabwera tsiku lililonse ndi chakudya m'kabakuli, n'kukhala kumiyendo kwa bedi. Ankandiuza za mbuzi imene yaswa, za Rozita amene wapsereza ndiwo. Sanandifunse kuti madotolo adula chiyani, inenso sindinawauze. Bambo atabwera, amalume anawatengera kuseri, ndipo kwa anthu a m'dera lathu banja linagwirizana zonena kuti inali apendisiti. Mpaka lero alipo okalamba ku Canongola amene amandichenjeza kuti ndisamadye gwafa ndi njere zake poti ndinachitidwapo kale opaleshoni. Apendisi yangayo ndikadali nayo, ili bwinobwino.

Zaka zinapita, ndipo kunja ndinakula ngati mwamuna wina aliyense. Ndevu zinamera, mapewa anatambasuka. Ndinaphunzira umakaniko, ndipo malasha atayamba kukoka anthu ku Moatize ndinapeza ntchito yokonza magalimoto akuluakulu kumeneko. Ndinakwatira Madalena, mkazi wodekha amene ndinamuuza zonse tisanapite kwa ankhoswe. Iye anati mwana amapereka ndi Mulungu. Tinadikira. Anzathu amene tinakwatira nawo chaka chimodzi anayamba kuperekeza ana kusukulu, ife tikadali awiri. Ndipo monga mwa masiku onse, maso a anthu anapita pamimba pa mkazi. Madalena ankabwera kuchokera ku zinkhoswe ndi ku maliro atanyamula mayina a asing'anga amene amayi achifundo amunong'oneza. Tsiku lina ndinamupeza akulira kubafa, madzi akutayikira pansi, ndipo m'mawa mwake ndinapita ndekha kukayezetsa.

Dotolo wake anali mkazi, wamng'ono kwa ine. Mawu onse amene kwathu munthu satchula pamaso pa mayi, iye ankawatchula ngati akuwerenga mayina a ndiwo, ine thukuta lili chuchuchu pampando. Anati machende analengedwa kuti azikhala kunja chifukwa mbewu ya mwamuna simapangika bwino pamalo otentha. Mkati mwa timaselo topanga mbewuyo muli malangizo amene amati majini, ndipo ena amayenera kutseguka, ena kutsekeka, chilichonse pa nthawi yake. Tchende likakhala m'thupi zaka zambiri, kutentha kumasokoneza dongosolo limenelo ndipo timaselo tambiri timafa. Langa lotsalalo linkakwanitsa kundipatsa ndevu ndi mphamvu za m'nyumba, koma mbewu m'madzi anga sanaipezemo. Tinabwereza kuyeza, yankho linali lomwelo. Anandiuza mosabisa kuti limene likanandipatsa ana ndi lija linachotsedwa.

Loweruka lotsatira ndinawoloka mlatho wa pa Zambezi kupita ku Canongola. Bambo anali atamwalira kale, ndipo amayi ankakhala ndi Rozita ndi ana ake. Ndinawapeza pamthunzi wa nyumba masana, atatambalala, mapazi aja ali patsogolo. Ndinakhala pampando patali pang'ono monga mwa mwambo. Ndinkafuna kuwapempha kuti auze abale asiye kumuloza chala Madalena, koma ndinayamba ndi za kutentha, kenako za ntchito. Ndinali bambo wandevu za imvi ziwiri zitatu, koma lilime linali lomwe lija la m'gowelo.

“Wapita kuchipatala,” anatero amayi, osandiyang'ana.

“Ndapita.”

“Akuti vuto si la mkazi wako.”

“Si lake, amayi.”

Anatola kamwala n'kukaponya kumbali. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali ouma, ngati a munthu amene wakhala akuyeseza zonenazo kwa zaka zambiri.

“Ndidakusambitsa ndine, Tino. Ndidaona uli wakhanda kuti limodzi palibe. Namwino wa kumsasa adati ndidzapite nawenso ukayamba kuyenda, koma mtendere udabwera, tidakwera magalimoto, kuno tidafikira kumanga ndi kusaka chakudya. Amayi akuluakulu adati lidzatsika lokha. Ndidadikira, mpaka udakula poti sindingayang'anenso. Tsiku lija, nditangoona mayendedwe ako, ndidadziwa kuti si m'mimba. Ndidadziwanso kuti uli nalo limodzi. Saka ija ndidaigwira ndi dzanja ili.”

Anakweza dzanja lamanja n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

“Nanga bwanji simunalowe?” Ndinafunsa motsitsa, koma mumtima ndinali ndi mkwiyo umene sindinkadziwa kuti ndinausunga.

“Ndinkati ndikukulemekeza, mwanangu.”

Mkwiyo uja unasowa pogwera, pakuti inenso m'gowelomo ndinkati ndikuwalemekeza. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha n'kutisiya padzuwa. Mlungu womwewo amayi anavala chitenje chawo chatsopano, anakwera chapa okha, n'kupita kwa makolo a Madalena. Zimene ananena kumeneko sanandiuze, koma Madalena akuti amayi anatchula chilichonse ndi dzina lake, pamaso pa bambo ake, apongozi anga, mpaka iwo anayang'ana pansi. Kuyambira pamenepo palibe amene anamupatsanso dzina la sing'anga.

Masiku ano zinthu zasintha, ngakhale sizinasinthe zonse. Foni ili m'thumba la aliyense, ndipo amalume a ku Angoniya ukhoza kuwaimbira ali m'munda mwawo. Achinyamata amaona pa mafoniwo zinthu zimene ife sitinkazilota n'komwe. Koma ndikacheza ndi anzanga kuntchito ndimaona kuti manyazi aja akadalipo, angovala malaya atsopano. Mnyamata akhoza kudziwa zonse za m'dziko, koma chikamupweteka kumunsi amanenabe kuti ndi m'mimba. Paja amati manyazi anapha lambe. Ine sanandiphe, anangonditengera ana, ndipo palibe tsiku limene sindiwaganiza anawo ngakhale kuti sanakhalepo. Ndikafika ku Canongola ana a Rozita amandithamangira akufuula kuti amalume abwera. Ndimakondwa, koma dzina linalo, loti bambo, ndikudziwa kuti sindidzaitanidwa nalo.

Tsopano malume ndine. Mwana woyamba wa Rozita atamera tsitsi m'khwapa, mayi ake anandiitana kuti ndidzamulange, ndipo anamukonzera gowelo lomwe lija, ataliika malata atsopano ndi nsalu yamaluwa pakhomo. Za kuchapa kabudula ndi kulemekeza chipinda cha mayi ake ndinamuuza monga anandiuzira amalume. Koma lamulo lachitatu ndinalitembenuza, ndipo ndinalinena mayi ake ali pomwepo, onse awiri akuyang'ana kumbali ndi manyazi. Ndinati chikadzapweteka kumunsi asadzadikire ine, adzauze amene ali pafupi, ndipo adzathamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Sindinkadziwa ngati zinamveka. Koma mwezi wathawu ndili komweko, mnyamatayo anadzuka ndi kutentha thupi n'kukana kutuluka. Pambuyo pake zinadziwika kuti anali malungo chabe. Ndinaona Rozita atanyamula kapu, ataima kunja kwa nsalu ija, zala za kumapazi zikukanda dothi, akufunsa motsitsa mawu kuti chikupweteka n'chiyani. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anadzuka pamkeka, chinthu chimene masiku ano chimawatengera nthawi. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pagowelo, anakankhira nsalu ija pambali, n'kumugwira Rozita pamsana.

“Waimiranji pamenepa?” anatero. “Lowa.”